Khutu Langa pa Khoma la Loji

Mboni zanga ndi ziwiri: Zakeyo, amene pano ndi sikauti wolondera nyama zakutchire ku Nsefu, ndi mlongo wanga Esinati. Achitatu anali aphunzitsi athu a Sakala, koma anamwalira, ndipo akufa sindiwanamizira.

Ndinali giredi faivi pamene a Sakala anatitenga wapansi kupita ku loji ina yogona alendo ku Chinzombo, kukaona zithunzi zimene mayi wina wachizungu anajambula n'kupachika m'chipinda chodyera. Ifetu chithunzi tinkachidziwa. Wojambula akabwera pa njinga, unkasamba, kudzola mafuta, kubwereka nsapato, n'kuima njo osapuma. Amalume anaima choncho mpaka njiwa inaikira dzira pachipewa chawo. Ndikulumbira.

Koma izi zinandizunguza mutu. Zonse zakuda ndi zoyera, ndinkangoti penti inamuthera. Panalibe woyang'ana kamera. Amayi ena akuwoloka msewu ku Mfuwe, mutu wodukira pakati. Bambo wina akupopa njinga, matako m'mwamba. Azungu ankaima pamenepo chete ngati pamaliro.

"Walakwitsa zonsezi?" ndinanong'oneza Zakeyo.

"Mwina akuphunzira kumene," anatero.

Kenako ndinachiona: mnyamata pa kaliyala ya njinga atacheukira kumbali, milamba itatu ili lende pachingwe. Ndinali ine. Mtima unaima, unadzayambanso kugunda mawa lake. Linali Lachiwiri lija ndinatuma Esinati kukanena kusukulu kuti ndagona ndi malungo. Atate anali atanena kale kuti ndikadzajombanso, sukulu yathera pomwepo, ndizikapirikitsa anyani kumunda.

Ndinaima kutsogolo kwa chithunzicho n'kudzitukumula.

"Suntha, iwe Yohane," anatero a Sakala. Anachiyang'ana nthawi yaitali. "Ana inu, taonani mmene dzuwa lagwera pa nsombazi. Taonani fumbi. Uyu sankadziwa kuti akujambulidwa, n'chifukwa chake akuoneka wamoyo."

Ndinayamba kupuma, poti nkhope sinkaoneka. Koma potuluka anandigwira paphewa.

"Malungo ako aja anali onona," anatero chapansipansi. "Khutu ilo ndalikoka zaka ziwiri. Ndingalisowe?"

"Mukawauza atate, aphunzitsi?"

"Undilembere masamba awiri a zonse zili pachithunzi chija. Kenako ndiona."

Loweruka ndinabwerera ndekha, mlonda n'kundilowetsa. Ndinayang'ana mpaka maso anatuluka thukuta. Ndinayamba kuona zimene sindinaone poyamba: tayala lomangidwa ndi mphira, mwana akunyambita chala, mthunzi wa mayi amene iye mwini sanalowemo. Kumbuyo kwenikweni, pakhomo la nyumba ya mowa, panatsamira njinga ya belu lopindika. Njinga ya a Sakala. Lachiwiri, dzuwa lili pamutu.

Ndinailemba pamzere womaliza, mwaulemu.

A Sakala anawerenga, anapinda pepala, n'kunena kuti malembedwe anga ayamba kuwongoka. Atate sanamve kanthu.

Mpaka lero sindidziwa ngati anandituma kuti ndiphunzire kuyang'ana, kapena njingayo sanaione. Chimene ndinamvetsa n'chakuti chithunzi cha mumsewu sichikhala cha munthu mmodzi, ndipo amene wachiyang'ana nthawi yaitali ndi amene amatsala pasukulu.