Andichotsa pa gulupu, koma pakamwa sananditseke

Lachinayi lapitali andichotsa pa gulupu ya pa foni. Ine, mayi amene ndinagwira choko ku Mua mpaka kupuma, wandichotsa munthu amene ndinamuphunzitsa kulemba dzina lake.

Mlandu wanga? Ndinafunsa funso.

Kuno ku Golomoti tili ndi kalabu ya alimi a mpunga, ndipo ngalande yathu ndi imodzi. Madzi timalandirana: lero awa, mawa awo. A Nangozo, mayi wamasiye amene ndime yawo inagundana ndi yanga, tsiku lawo linali Lachinayi. Komiti inasintha masiku n'kuwaika Lolemba. Uthenga unalembedwa pa gulupu ya pa foni, basi.

A Nangozo ali ndi kafoni ka mabatani, komanga ndi mphira, koimbira mwana wawo wa ku Salima. Gulupu sailowa. Lolembalo iwo anali ku msika kugulitsa tomato. Lachinayi analawirira kudambo ndi khasu, n'kupeza madzi akulowera kwa ena.

Anandipeza ndikupalira.

"Aphunzitsi, akuti ndidikire Lolemba linalo. Dzuwa lake ili? Mbande ndangowokera kumene. Nthaka yayamba kale kung'aluka."

"Sanakuuzeni?"

"Akuti analemba. Analembera yani, ine ndilibe pomwe analembapo?"

Ndinapukuta manja pa chitenje n'kutulutsa foni. Ndinalemba mwaulemu ndithu: kodi a komiti, amene alibe mafoni aakulu mwawauza bwanji? Mlembi wathu, a Chikaonda, amene ndinawaphunzitsa aja, ndiwonso adimini wa gulupuyo. Anayankha kuti pa gulupu si pochitira ndale. Nditafunsanso, uthenga wanga unafufutidwa. Pomwe ndimati ndilembe kachitatu, foni inandiuza kuti sindilinso m'gululo.

Kungodina kamodzi, munthu wamkulu watulutsidwa panja ngati nkhuku yolowa m'khitchini.

Musandimve molakwa. Foni ndimaikonda. Ndinakula masiku amene kalata yopita ku Joni inkatenga mwezi, ndipo imene inkabwera kuchokera kumeneko inkawerengedwa ndi mphunzitsi mudzi wonse ukumvera. Ndikukumbuka tikuzungulira wailesi imodzi kudikira mauthenga a maliro, mtima uli phaa kuopa kumva dzina la kwathu. Mchemwali wanga atadwala ku Mtakataka, uthenga unabwera ndi kondakitala wa basi, utachedwa masiku awiri. Ndani angafune kubwerera kumeneko? Osati ine.

Koma njira zakalezo zinali ndi khalidwe limodzi labwino: sizinkasankha khutu. Wolengeza akamadutsa m'mudzi akufuula kuti mawa kuli ntchito ya kumanda, ankamva wolemera ndi wosauka yemwe. Belu la kutchalitchi silinkafunsa ngati uli ndi bandulo. Ndipo pamsonkhano wa pansi pa mtengo, ukafunsa zowawa ankatha kukukalipira, kukunyogodola, koma panalibe batani lokuzimitsira.

Batani tinali nalo kale, m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene tinkayankhula tikuyang'ana kumbuyo. Ndinaima pamzere padzuwa tsiku la riferendamu kuti zimenezo zithe. Ndiye lero ndilole kuti zibwerere kudzera m'thumba la a Chikaonda?

Ayi, bambo.

Lachisanu m'mawa ndinatenga chitsulo cha gudumu la galimoto chimene tinkaimbira ana kusukulu, chimene chinangokhala kuseri kwa khola langa. Ndinachikweza pa njinga mpaka pa geti ya ngalande, n'kuchipachika pa mtengo wa msangu. Ndinachimenya ndi mpini wa khasu mpaka phewa linawawa.

Anthu anatuluka m'ndime zawo matope ali m'maondo. Ena ankaganiza kuti kwagwa zovuta. A Chikaonda anafika pambuyo, foni ili m'manja.

"Aphunzitsi, n'chiyani chimenechi? Msonkhano saitanitsa chonchi. Pali ndondomeko."

"Ndondomeko yanu inandichotsa dzulo," ndinatero. "Iyi ndi gulupu yanga. Ndichotseni muno tione."

Anthu anaseka, koma ine sindinabwerere nthabwala. Ndinapempha kuti aliyense amene sali pa gulupu akweze mkono. Mikono inakwera yambiri moti a Chikaonda anayang'ana pansi. Panali a Nangozo. Panali a Che Yusufu, amene foni yawo inagwera m'madzi mwezi watha. Panali amayi angapo amene foni ya pakhomo imayenda ndi bambo, ndipo bamboyo akawerenga amaiwala kunena.

"Komatu dziko lapita patsogolo," anatero a Chikaonda, mawu atatsika. "Sitingamayende khomo ndi khomo ngati kale."

A Nangozo, amene sayankhula pagulu, ndiwo anawayankha.

"Lapita patsogolo, inde. Nanga ife latisiyira ndani? Pokumba ngalandeyi munatiitana ndi pakamwa. Pogawa madzi ndiye mwatiitana ndi foni?"



A Che Yusufu, amene madzi a tsikulo anali awo, anapita okha kukatsegulira a Nangozo mpaka masana. Tinagwirizananso kuti uthenga uliwonse wa madzi uzilembedwa ndi choko pa bolodi pa geti pomwepo, uzilengezedwa kutchalitchi ndi kumzikiti, ndipo pa gulupu uzipitanso. Madzi analowa, koma mizere ya kumtunda kwa ndimeyo inali itapsa kale. Loweruka tinathandizana kuwokeramo mbande zotsala za anthu ena. A Nangozo adzakolola, koma osati monga akanakololera.

Ine mpaka lero sanandibwezere pa gulupu. Akuti komiti ikambirana kaye za khalidwe langa. Akambirane. Ndikadzabwerera ndidzafunsanso, chifukwa safunsa anadya phula.

Chimene chikundidya n'chakuti nkhaniyi si ya kudambo kwathu kokha. Masiku ano sikelo ya ana, msonkhano wa makolo kusukulu, tsiku lolandira mbewu, ngakhale maliro a mnansi, zonse akuti "tinaponya pa gulupu." Woponyayo amagona mtima uli m'malo, poganiza kuti wauza mudzi wonse. Wauza anzake a mafoni. Otsalawo amamva zinthu zitatha, kenako timawanena kuti ndi osatukuka, ndi ochedwa, ndi ovuta.

Inu amene mukuwerenga izi, mwina pa foni pomwepo, tsegulani gulupu ya kwanu muone maina amene alimo. Kenako tulukani panja muyang'ane makomo a anansi anu, limodzi limodzi. Ndi khomo liti limene mulibe m'mainamo, ndipo uthenga wa sabata ino walifikitsira ndani?