Pulogalamu ya Don Hilarión

Kwa zaka makumi awiri, Don Hilarión Ayaviri akhala akuika tebulo pachipata cha yunivesite yathu ku Cochabamba. Amapempha ophunzira kuti awathandize kusamalira pulogalamu yaulere ya pakompyuta imene analemba, yomwe aliyense angathe kuiwerenga ndi kuikonza. Zipatala makumi atatu za kumapiri zimasungiramo mayina a odwala ndi mankhwala awo. Koma ife, opanda manyazi, timangodya timabanzi ta nyama timene amatiikira patebulopo n'kumapita. Palibe amene anaiphunzira pulogalamuyo.

Lachiwiri ndinawapeza atayang'anitsitsa mizere ya pulogalamu yawoyo pakompyuta.

"Bambo, kwagwanji?"

"Mwanawe, walemba izi ndani? Sindikutolapo kanthu."

Ndinayang'ana m'munsi mwa mizereyo. Dzina la wolemba linali lawo lomwe, ndipo tsiku linali la dzulo.