Nkhwani wa M'dimba la ku Edmonton

Fungo lake sindidzaliiwala: chimbudzi chosakanikirana ndi sopo wochapira, likuchokera m'kamtsinje ka kuseri kwa timinda ta khonsolo ku Edmonton. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo akaweruka ankathamangira kumundako. Anthu onse ankakana malo a kumunsi, oyandikana ndi madzi, koma iwo anawasankha dala, akuseka kuti azungu sadziwa dimba. Kwathu ku Nsanje, ankatero, madzi akasefukira amasiya chonde. Anabzala maungu, nkhwani n'kuyanga mochititsa kaso, mpaka analonjeza azimayi a kutchalitchi kuti pa chinkhoswe cha achemwali anga adzadya nkhwani wotendera weniweni.

Kutatsala sabata imodzi, mvula inagwa masiku atatu osakata. Titapita, dimba lonse linali matope akuda bii. Amayi anavula nsapato n'kulowamo, akuomba m'manja. "Manyowa aulere awa!" Ndine ndinayamba kuona timapepala ta kuchimbudzi titakolekeka pamasamba.

Kunabwera bambo wa kampani ya madzi, nsapato zake zoyera mbee. Anafotokoza kuti pansi pa msewu pali chipaipi chachikulu chimene chimasunga madzi a mvula pamodzi ndi a m'zimbudzi mpaka mvula itakata. Chikadzaza, otsalawo amatayikira mumtsinje. Akuti chinagwira ntchito yake bwinobwino, komabe pepani. Manyazi analibe ngakhale pang'ono.

"Ndiye ntchito yake ndi kutaya manyi m'dimba mwanga?" anafunsa amayi. "Sorry yanuyo nditendera?"

Tinazula zonse n'kuziponya m'matumba a zinyalala. Mapazi a amayi anatuluka zidzolo, ndipo pa chinkhoswepo tinaphika sipinachi wa m'shopu. Mayi wina atafunsa mwachipongwe kuti nkhwani uja uli kuti, amayi anangoyang'ana pansi. Zimandipwetekabe mpaka lero.

Pa nthawiyo ndinkawachitira manyazi, poganiza kuti analakwitsa chifukwa cha uchimidzi. Lero ndikudziwa kuti mtsinje ankaudziwa bwino. Chimene sankadziwa n'chakuti anthu ophunzira akhoza kukhala pansi, kuyeza kukula kwa chipaipi, n'kugwirizana kuti chikadzaza, zonyansazo zizipita kumene wina wabzala ndiwo.