Kuyankhulira Matchaina pa Nsaru

Sukulu ndinasiyira Fomu 2, ndipo musandifunse chifukwa. Ena amene ndinkakhala nawo desiki imodzi ali m'tauni, amabwera pa Khirisimasi atavala nsapato zosongoka n'kumandipatsa moni ngati akupepesa maliro. Ine ndimasenza matumba a soya ndi mtedza pa masikelo a mavenda pa Nsaru. Dzuwa likafika paliwombo ntchito imachepa, ndiye ndimakalowa mu vidiyo sho ya kuseri kwa zigayo.

Ndinayamba kulowamo ndili ku pulaimale. Chimene chinandigwira ndi mafilimu akale a kung'fu, otchipa aja. Mabodza awo ndimawadziwa onse. Munthu akamaulukira padenga, chingwe chimaoneka kumsana. Ndevu zoyera za mphunzitsi wokalamba ndi zomata, ndipo m'filimu ina zimapendekeka ndewu ili mkati, koma palibe anavutika kujambulanso. Chibakera chimadutsa patali ndi nkhope, phokoso lake ngati wamenya chitseko ndi thabwa. Kuli chigawenga china cha chipsera patsaya chimene chimafa koyambirira, kenako n'kutulukiranso chitavala chipewa kudzafa kachiwiri. Ine sizindinyansa. Anthu amenewo analibe kanthu ngati ife tomwe, koma ankadumpha ndi miyendo yawoyawo, akagwa ankagwadi, fumbi n'kubuka. Za masiku ano zopangira pa kompyuta sindiziwerengera.

Mwini vidiyo sho ndi bambo wamfupi wadazi amene kale ankakonza mawailesi. Zimbale za mafilimu akalewo ankasunga m'katoni ya sopo pansi pa tebulo la TV. Chaka chatha, fodya atatha kugulitsidwa, anandiuza kuti katoniyo ikuchoka. Anati anthu akufuna mpira ndi mafilimu atsopano aja amabwera kuchokera m'tauni atawaika kale mawu a Chichewa. Akalewa amayankhula Chitchaina, ena Chingerezi chothamanga chosagwirizana ndi milomo, ndipo akaika chimodzi pamabenchi pamatsala ine ndi ntchentche. Mlamu wawo anali atapempha kale zimbalezo kuti akazimangirire pazingwe kudimba, ziziwala n'kumaopseza mbalame.

Ndinawauza kuti zimenezo ndi zopusa. Mawu sindinasankhe, ndipo iwo sanadabwe, amandidziwa. Kenako ndinati ngati vuto ndi Chichewa, Chichewa ndili nacho m'kamwamu. Ndiziima pambali pa TV ndiziwayankhulira Matchainawo. Chitchaina sindidziwa ngakhale liwu limodzi, koma filimu iliyonse ya m'katonimo ndinaionera kambirimbiri moti ndimadziwa amene wakwiya, amene akunama ndi amene akupempha mkazi.

Anandipatsa masiku awiri a msika, 2 koloko masana. Mabenchi akapanda kudzaza, katoni ipita kudimba.

Tsiku loyamba anthu anabwera ndithu. Ambiri anali matenanti a m'maesiteti a fodya, anthu ochokera ku Mulanje ndi ku Phalombe, amene ntchito ya m'zigafa inali itawathera koma nazale asanayambe. Kagwiridwe kathu kanali kotere: a m'filimu akamayankhula, mwini ankatsitsa voliyumu ine n'kulowa, ndewu ikayamba ankakweza mpaka malata kunjenjemera.

Poyamba zinayenda. Mphunzitsi wa ndevu uja ndinamupatsa mawu a kapitawo wa pa esiteti, akutuma sitelingi, mnyamata amene filimu yonse ndi yake, kukatunga madzi kuphiri ndi ndowa zodontha. Matenanti anaseka mpaka wina kugwa pa benchi. Koma filimuyo ili ndi pakati pozizira. Sitelingi amakhala kukhitchini ndi mnzake wonenepa wophika, akudya, akuseka, osamenya munthu. Ine chigawo chimenecho chimanditopetsa. M'chipindamo munali kutentha, mawindo atatsekedwa ndi masaka, thukuta likundilowa m'maso. Ndinangopezeka ndauza anthuwo kuti asamukonde kwambiri wonenepayo chifukwa afa posachedwa, ndipo womupereka ndi uja akumwetulira pakhomoyo.

Pa benchi ya kutsogolo panali mdala wina wa matenanti, wowonda, atagwira pampu ya njinga imene analowa nayo kuopa akuba. Anaimirira pang'onopang'ono.

"Ndiye ife tatsalira chiyani muno, mphwanga? Wadya wekha, ife watipatsa mbale zoti titsuke, eti?"

Anatuluka. Ena anamutsatira awiriawiri. Wonenepa uja pamene ankafa, ankafera mabenchi.

Ndinakwiya, ndipo ndinakwiyira iwowo. Ndinauza mwini kuti aliyense amadziwa kuti sitelingi safa ndipo mnzake ndiye amafa, nanga chinsinsi chili pati? Mwiniyo ankapukuta chimbale ndi malaya, osandiyang'ana. Anati ine ndinaonera kosawerengeka, anthu aja kanali koyamba, ndipo pamene ine ndinkaonera koyamba palibe anaima kutsogolo kundiuza mathero. Anandikumbutsa kuti latsala tsiku limodzi.

Sabata imeneyo matumba ankandilemera kuposa masiku onse. Ndinakumbukira kuti tsiku limene ndinaona wophikayo akufa koyamba ndinalira, n'kunamizira kuti ndi utsi wa fodya wa munthu amene ndinakhala naye pafupi. Zimenezo sindinauze aliyense. Ndikuzilemba pano chifukwa amene amandidziwa sawerenga.

Lachisanu mdala uja anabwera pa sikelo ndi thumba la mtedza pa kaliyala. Kupepesa sindikutha. Ndinangomutsitsira thumbalo asanandipemphe, n'kunena kuti, "Madala, mubwerenso tsiku la msika. Pakamwa ndimanga."

Anandifunsa ngati wonenepa uja alimonso m'filimu inayo. Ndinati alimo, pafupifupi m'katoni monse alimo, ntchito inali yosowa kwawoko.

"Kodi afanso?"

Yankho linafika pamilomo. Ndinalimeza. Ndinati adzaone okha. Mdalayo anaseka, mano ake awiri akutsogolo kulibe, n'kukankha njinga yake.

Tsiku lachiwiri la msika anabwera, ndipo anabwera ndi anzake. Mabenchi sanadzaze bwinobwino koma ochedwa ankachita kupempha kuti ena asunthe. Ndinasankha filimu ya mnyamata wogulitsa nkhuni amene akufunafuna anthu amene anatentha nyumba ya kwawo. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti ntchito yovuta si kuyankhula. Ndinkadziwa chitseko chimene chigawenga chabisala, koma ndinkayenera kuyenda ndi mnyamatayo ngati nanenso sindikudziwa. Pena ndinkadziluma lilime zenizeni. Ndinayamba kuyang'ana nkhope za anthu m'malo mwa TV. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa, amene analowa kudzagulitsa basi, anaiwala beseni lake pamwendo n'kumachenjeza sitelingi kuti ayang'ane kumbuyo.

Ndewu yomaliza ili pakati, sitelingi ali pansi magazi ali m'kamwa, mkulu wa zigawenga atakweza phazi, chimbale chinaima. Chithunzi chinasweka timabokositimabokosi. Mwini anachitulutsa, kuchiuzira mpweya, kuchipukuta, kuchibwezera. Chinakana. Anachitulutsanso.

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Wina kumbuyo anati ndingowauza, poti ndikudziwa. Ena anavomereza. Ndikanawauza palibe akanandida, anapempha okha. Ndinayang'ana mdala uja. Anangogwira pampu yake ndi manja awiri.

"Sindikudziwa," ndinatero.

Chipinda chonse chinadziwa kuti ndi bodza. Anandinyoza, wina anati ndine wouma mtima ngati kapitawo wanga yemwe uja, koma palibe anatuluka. Kachitatu chimbale chinagwira, chinalumpha pang'ono n'kupitiriza, ndipo sitelingi atagwira phazi lija m'mwamba anthu anaimirira. Mwini anakweza voliyumu mpaka pothera. Ine ndinakhala pansi, ntchito yanga inali itatha.

Anthu atatuluka, mwini sananene zoti ndachita bwino. Si munthu wotero, ndipo ndikanachita manyazi. Anangoti ndichotse katoniyo pansi chifukwa mvula ikayamba simenti imachita chinyezi, ndiiike pa shelefu pamwamba pa TV. Anawonjezera kuti masiku a msika 2 koloko ndisamachedwe.

Mpaka lero sindichedwa. Matenanti ena anabwerera kwawo, ena atsopano anabwera, ndipo kwa iwo filimu iliyonse ndi yatsopano. Mavenda a pa sikelo amadziwa kuti nthawi imeneyo sandipeza, afune wina wosenza. Zimbale zitatu zinakandika kotheratu, sizidutsa pakati ngakhale muzipukute ndi mankhwala otsukira mano. Timazionetsabe. Zikaima, mwini amazimitsa TV, ine n'kuima pakati pa chipinda kumaliza nkhaniyo ndi pakamwa ndi manja, ndewu ndi phokoso lake lomwe. Kumeneko kokha ndiye amandilola kunena mathero, ndipo ndimawachedwetsa dala.