Bambo a ku Ndende ndi Kachipewa ka Mwana

M'mawa uliwonse bambo a ku ndende amakhala pakhonde n'kumapukuta nsapato zawo mpaka ziwale. Akatseka chitseko amachigwedeza kaye, ngati m'nyumbamo muli wina wofuna kuthawa. Ntchito yawo ndi yolondera akaidi, ndipo ngakhale nkhuku zawo zimalowa m'khola pamzere. Akazi awo amaseka n'kumati, "Ine ndiye anandimanga moyo wonse, ndi apilo yomwe palibe."

Mayi wachitsikana wa khomo loyandikana amawayang'ana akamadutsa, khanda lili kumsana. Mwamuna wake ali m'ndende momwemo. Anamangidwa mwanayo asanabadwe, ndipo kumeneko makanda salowa nawo. Bambowa amamuona mwamunayo tsiku ndi tsiku, koma aliyense wofuna kuwatuma amamuyankha mofanana: "Ine si positi ofesi."

Tsiku lina mayiyo analimba mtima n'kuwaimitsa panjira, kachipewa koluka ka mwana kali m'manja.

"Bambo, mukangomuonetsako mwamuna wanga kachipewaka, aone kamutu ka mwanayu mmene kalili."

"Iyayi, mwana wanga. Ndikalowetsa kachipewa lero, mawa wina adzandipatsira mpeni. Ntchito ingandithere."

Mayiyo anazyolika ndi manyazi n'kuyamba kubwerera. Bambo aja anangoima pomwepo, akukanda m'mutu.

"Taima kaye. Amuna akowo amandifunsa ngati mwana akukula, ine n'kumangoti eya, osadziwa chomwe ndikuvomera. Tam'tsitsa ndimunyamuleko, ndikawauze mmene akulemerera."