Mwana wanga sadzalowanso m'dengu la thonje

Ndinazindikira tsiku limene nkhuku inamulanda mbatata m'manja. Mwana wa chaka ndi miyezi itatu, nkhuku yamulanda chakudya, iye osalira, osaiingitsa, osailondola n'komwe ndi maso. Anangokhala kukamwa yasaa, kuyang'ana khoma. Ndinawomba m'manja kumbuyo kwake. Anacheuka, inde, makutu amamva, koma anandiyang'ana ngati akuona chitsa.

Chonsecho mudzi wonse unkamutama. Ine ndinapita chitengwa ku Zemba, kwawo kwa amuna anga, ndipo apongozi anga aakazi ankauza aliyense kuti mdzukulu wawo wamkaziyu ndi wofatsa, savuta, ungamuiwale. Kufatsako tinamuphunzitsa ndife. Atangoyamba kukwawa ine ndinapezeka ndi pathupi pena, msana unakana kubereka tsiku lonse, ndipo kumunda wa thonje mwana sungamusiye pansi, kuli mankhwala opopera, kuli njoka, kuli linthumbu. Ndiye tinkamuika m'dengu lalikulu lija lothyolera thonje, pansi pa msuku, n'kufunditsa chitenje pamwamba kuopa ntchentche. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Masabata oyamba ankalira mpaka mawu kusasa. Kenako anasiya. Ife tinati wazolowera.

Tsiku la sikelo ndinadikira amayi onse achoke, ndinkaopa kusekedwa. Ndinawanong'oneza anesi kuti mwanayu sakundisangalatsa. Anamugwedezera makiyi pafupi ndi nkhope, iye dzanja osatambasula.

"Masana amakhala kuti?" anandifunsa.

Ndinafotokoza za dengu, monyadira ndithu, poti ndinkaona ngati ndi nzeru. Anesi anakhala pansi. Anati kusukulu ya unesi anaphunzira za anthu ofufuza amene amaweta makoswe. Ena amawaika m'khola lopanda kanthu, aliyense yekhayekha, chakudya ndi madzi basi. Ena amawaika pamodzi m'khola lalikulu muli pokwera, pobisala, tinthu tokankhakankha, n'kumawasinthira. Akadzayang'ana ubongo, wa makoswe osewerawo umapezeka wonenepako, timitsempha take titaphuka nthambi zambiri, pamene wa osungulumwawo nthambi zake n'zowerengeka.

Ndinapsa mtima. "Anesi, mwana wanga mukumufanizira ndi khoswe?"

"Ayi mayi. Ndikunena kuti ubongo nawo umadya, ndipo chakudya chake n'kuona, kugwira, kumva mawu a anthu. Kaya vuto lonse ndi denguli, ine sindingalumbire, mubwere naye mwezi wamawa ndimuonenso. Koma m'dengumo atulukemo."

"Ndiye kuti zatha? Ndamuwononga?"

"Sizinathe. Ngakhale makoswe aakulu akawasamutsira m'khola labwino amasintha."

Njira yonse yobwerera ndinkalankhula naye kumsana, uwo ndi mtengo, iyo ndi njinga, iyo ndi mbuzi, anthu okumana nane n'kumacheuka.

Kunyumba amuna anga anaseka mpaka kutsamwa. "Makoswe okhala ndi zoseweretsa! Iwe, a m'nkhokwe mwathumu anachenjera kale popanda kuwagulira mpira."

Apongozi sanaseke. "Ana anga onse anakulira m'dengu nthawi ya thonje. Uyu munakwatiwa nayeyu, mutu wake uli ndi chilema?"

Apongoziwo anapitiriza.

"Ndipo zolankhula ndi mwana wosadziwa kuyankha musiye, anthu adzati mwazungulira mutu. Ife sitinapite ku sukulu koma tinalera."

Inenso sukulu ndinalekeza giredi sikisi, sindine wophunzira. Koma maso ndili nawo, ndipo amene anaona nkhuku ija ndine.

M'mawa mwake tinafika kumunda, apongozi anatsitsa dengu pansi pa msuku, n'kutambasula manja kuti ndiwapatse mwana. Chikwatiwire ndinali ndisanawakanepo kanthu, ngakhale kamodzi. Ndinagwada, ulemu ndinaupereka wonse, koma mwana ndinamukumbatira.

"Amayi, pepani, salowamo."

"Mwati chiyani?"

"Salowamo. Lero, mawa, ngakhale uyu ali m'mimbayu akadzabadwa."

Amuna anga anaponya thumba pansi. "Nanga thonje athyole ndani? Makoswe ako aja?"

"Ndithyola pamene ndingathe. Mukafuna kundibweza kwathu ku Mlolo ndibwezeni, ndipita naye, koma ndipita ndi mwana wodziwa kuti ine ndine mayi ake."

Apongozi anati mtengwa wa masiku ano amalamulidwa ndi a ku kiliniki. Masabata awiri sanandiyankhe moni. Zinkandiwawa, ndisaname, ndinkalira pokatunga madzi, ndipo ndinkaopanso kuti mwina ndayambana ndi anthu pachabe, mwina mwanayu anabadwa choncho. Koma sindinabwerere m'mbuyo.

Ndinatola zitsononkho, zivindikiro zazikulu za mabotolo zoti sangameze, chitini ndinaikamo timiyala n'kuchiphwanya kukamwa kuti tisatuluke, nsanza zamitundumitundu ndinamanga mpira. Zonse ndinazitsuka. Ndinkamugwiritsa masamba, dothi lonyowa, khutu la mbuzi. Tsiku lina anamenya chitini chija, chinalira, anadzidzimuka, anachimenyanso, n'kundiyang'ana kuti kodi ndamva. Ndinakhala pansi pomwepo.

Vuto linatsala la munda, poti njoka ndi mankhwala sizinasamuke chifukwa ine ndakwiya. Ndiye ndinapita kwa azimayi awiri a ku mphakati wathu wa tchalitchi, onse a ana aang'ono, mmodzi naye ankagwiritsa ntchito dengu, winayo ankatsekera wake m'nyumba. Ndinawafotokozera za makoswe, anaseka, koma anamvetsera. Tinapangana kuti tizisinthana. Awiri kumunda, mmodzi atsale pamudzi ndi ana onse pamphasa, kutali ndi thonje lopopera, aziwaimbira, aziwatchulira zinthu, aziwalola kulandana ndi kulira. Tsiku langa lotsala, anzangawo akamaliza kwawo amadutsira kumunda kwathu n'kundithyolerako mizere iwiri, kuti apongozi asapeze ponenera.

Wachiwiriyu anabadwa mvula itayamba, wamwamuna. Ndinayamba kumulankhula tsiku lomwelo, azamba akumva, apongozi ataima pakhomo, ndipo atangolimba khosi ndinamutengera pamphasa paja pakati pa anzake.