Nyanja ya ku Beira Inadzaza Popanda Mvula

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kuphetsa mlamu wanga chifukwa choyesa nyanja yamchere ngati mtsinje wa Bua.

Ndine mkamwini ku Nsaru. Masiku a Chitaganya aja ndinapita kukagwira ntchito ku Halale ndi Yohane, mlongo wake wa mkazi wanga. Ponyamuka, apongozi aakazi anatuma mkazi wanga kudzandiuza kuti mwana wawo wamwamuna ndi yekhayo, tapita awiri tikabwerenso awiri.

Pobwerera tinafika ku Beira n'kumva kuti sitima ya ku Limbe inyamuka mawa lake. Tinati tiwongoleko miyendo, tione mzinda. Tinaona nyumba zosanja ndi sitima zapamadzi zazikulu kuposa tchalitchi chathu, Yohane kukamwa kuli yasa. Masana tinakwera basi kupita kukamudzi ka asodzi kunja kwa mzinda.

Titafika kunyanja tinapeza madzi ali kutali, mchenga wokhawokha. Tinasiya nsapato zathu zatsopano pamchengapo n'kulowa m'kati, tikutola zigoba zokaonetsa kwathu. Msodzi wina wachisena anatikuwira kuti madzi akubwera. Yohane anafuna kubwerera, koma ine nditayang'ana kumwamba, kuli mbee, ndinamuseka. Ndinamufunsa ngati anaonapo Bua atadzaza popanda mvula.

Abale, madzi aja sanabwere ndi mkokomo ngati a kwathu. Anatizembera kumbuyo, potembenuka n'kuona tili pakachilumba kamchenga. Nako kanamira. Madzi m'mawondo, kenaka m'chiuno, ndipo tonsefe kusambira sitidziwa. Madzi atafika pachifuwa, Yohane anandigwira mkono.

"Alamu, mukapulumuka mukawauze amayi kuti ine ndimafuna kubwerera."

Mawu amenewo anandilasa mtima. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa. Mwamwayi msodzi uja sanatichotse maso. Anabwera ndi bwato, akutitukwana njira yonse. Sindinamvepo kutukwana kokoma chotero. Titaponda pouma ndinalira ngati mwana, osachita manyazi.

Inu owerenga, mukafika kwa eni, nzeru za kumudzi muziyamba mwazipinda m'thumba. Mwini dera akati thawani, thawani, mafunso pambuyo.

Ku Nsaru tinafika opanda nsapato, anthu n'kumaseka kuti a ku Halale abwera chosavala kuphazi. Apongozi sanayang'ane n'komwe mapazi athu. Anasuzumira pakhomo, n'kuona kuti tabwera awiri.